Mthumbira wa Amayi Rozalina

Ndinawalakwira amayi amene anandibereka kumbuyo ndili khanda, ndipo ndinawalakwira ndi chinthu chimene ndinkachitcha mphatso yanga. Sindinawamenye, sindinawabere, ngakhale kuwatukwana sindinawatukwanepo. Ndinangolemba nkhani. Inu owerenga, makamaka inu amene mumakonda kupeka nkhani ndipo mtima umakoma anthu akamakutamani, mvetserani zimene zinandichitikira kuno ku Lichinga. Ndazisunga nthawi yaitali chifukwa cha manyazi, koma ndaona kuti manyazi anga sangathandize munthu ndikapitiriza kukhala nawo ndekha.

Ndine mayi wapabanja, ndimaphunzitsa pa sukulu ina ya pulayimale, ndipo ndimakhala ku Sanjala, dera lina la mumzindawu. Ubwana wanga ndinauthera ku Malawi, kumsasa wa anthu othawa nkhondo, ndipo n'komweko komwe ndinaphunzira kuwerenga ndi kulemba Chinyanja. Chiyambire ndili wamng'ono ndinkakonda nkhani zachinsinsi, zija zakuti munthu wasowa kapena waphedwa ndipo aliyense akufunsa kuti wachita ndani. Nditakula ndinayamba kulemba zanga. Wailesi ina yaing'ono ya m'dera lathu inandipatsa mpata Lamlungu lililonse masana, anthu atabwerako kutchalitchi. Ndinkawerenga nkhani yanga chigawochigawo, ndekha, n'kumasintha mawu kuti amveke ngati a nkhalamba, a wapolisi kapena a mwana. Chigawo chikatha tinkatsegula foni kuti omvera aziimba n'kumalosera kuti wolakwa ndani.

Ndinkagwiritsa ntchito dzina lopeka, chifukwa akuluakulu a kusukulu sakanakondwa kumva mphunzitsi wawo akusimba za mitembo pa wailesi. Motero mzinda unkadziwa mawu anga koma nkhope yanga ayi. Mu chapa, minibasi zathu zija, anthu ankakangana za nkhani yanga ine nditakhala pakati pawo, makope a ana ali pamwendo, ndikuseka chamumtima. Kunena zoona ndinkadzimva. Amuna anga ankandiseka kuti Lamlungu likafika mutu wanga sukwana pakhomo.

Tsono ntchito yolemba nkhani zoterezi ili ndi kachitidwe kake komwe munthu wakunja sangakadziwe. Wolakwa weniweni umamubisa, umamuveka ulemu, umamupatsa mawu okoma. Kutsogolo umaikako munthu wina wosalakwa, n'kumupaka zizindikiro zonse zokayikitsa kuti omvera athamangire iyeyo. Ine munthu ameneyo ndinkamutcha nyambo. Nyambo ikakhala yabwino anthu amaimeza mpaka chigawo chomaliza, ndipo ukawaululira zoona amagwira pakamwa. Lamulo langa lalikulu linali lakuti zivute zitani, mapeto saululidwa nthawi yake isanakwane. Lamulo limenelo ndinkalisunga kuposa malamulo a Mulungu, ndipo sindikukokomeza.

Amayi Rozalina anali mnzawo wa malemu amayi anga. Anathawira limodzi nkhondo, ndipo panjira, amayi anga atatopa, ndi iwowa amene anandibereka. Titabwerera kwathu anamanga kanyumba ku Lulimile, dera linanso la Lichinga, n'kumagulitsa nyemba ndi mbatatesi m'mphepete mwa msewu, pansi pa mitengo ya paini. Analibe mwana, ankakhala okha, ankatsimphina mwendo wakumanzere, ndipo kalankhulidwe kawo ka ku Malawi sikanawachoke. Ine ankanditcha mwanangu. Ndikapita kukawaona sankandilola kubwerera chimanjamanja, ngakhale tsiku limene sanagulitse kanthu.

Kuseri kwa nyumba yawo kunali kamthumbira kakang'ono, kosesedwa bwino, kopanda mtanda. Mbiri yake anandiuza okha tsiku lina tikusankha nyemba. Amuna awo, a Fabiyao, anagwidwa ndi anthu amfuti pa ulendo wothawa uja ndipo sanaonekenso, ngakhale mtembo wawo. M'mawa wa tsiku limenelo kunkazizira, ndipo anali atavula jekete lawo n'kuwafunditsa akazi awo. Jekete limenelo amayi Rozalina analisunga zaka zonse za kumsasa. Atabwerera anaitana akulu awiri a mpingo, nalikwirira kuseri kwa nyumba ndi pemphero, kuti nawonso akhale ndi manda oti azisesa monga amasiye anzawo. Mtanda sanaikepo, poopa kuti akuluakulu a bairo, ndiko kuti a deralo, angawafunse zoika maliro pakhomo. M'mawa uliwonse ankasesa pamenepo, n'kugwada, n'kumapemphera motulutsa mawu ngati akucheza ndi munthu. Akulu a mpingo aja anali atamwalira kale, choncho odziwa za jeketelo tinatsala amayi Rozalina ndi ine.

Chaka chimenecho ndinayamba nkhani yatsopano, ya wamalonda wina amene anasowa mosadziwika bwino. Wakupha ndinali naye kale, mlamu wake wa wamalondayo, munthu wa ulemu wake. Chimene chinkandisowa chinali nyambo. Ndinayesa sing'anga, ndinaona kuti n'zachikale. Ndinayesa mkazi wachiwiri, ndinadziwa kuti omvera anga atulukira msanga. Kenako tsiku lina ndinapita ku Lulimile m'mamawa kukasiya mankhwala a mwendo, ndipo ndinawapeza amayi Rozalina atagwada pa mthumbira paja, m'nkhungu, milomo ikugwedera. M'malo moti ndimve chisoni, mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe cha mlembi. Ndinati nyambo ija ndi imeneyi.

Dzina ndinasintha. Koma zina zonse ndinazisiya momwe zinalili: mayi wamasiye wokhala yekha, wogulitsa nyemba pansi pa mitengo ya paini, wotsimphina, wa kalankhulidwe ka ku Malawi, wokhala ndi mthumbira kuseri kwa nyumba umene amaulankhula m'mawa uliwonse. Ndinadziuza kuti palibe vuto, popeza kumapeto mayiyo adzapezeka wosalakwa. Ndinafika podzinamiza kuti ndikuwachitira ulemu. Kuwapempha sindinawapemphe, chifukwa pansi pa mtima yankho lake ndinkalidziwa.

Woyamba kundichenjeza anali a Selimani, bambo wachikulire wachiyao amene ankayendetsa makina ndi foni pa wailesipo. Iwo ankakhala kufupi ndi Lulimile. Titatha chigawo chimene mayi wamasiyeyo anatulukira koyamba, anandiimitsa pakhomo nati, monga ankanditchulira ngati mlongo wawo, “Mana, mayi mwamulembayu ine ndimagula nyemba kwa iye. Ngati ndamudziwa ine, enanso amudziwa.” Ndinaseka. Ndinawayankha kuti amayi ogulitsa nyemba mu Lichinga ndi ambiri ngati nyembazo, ndiponso kuti iwo asamale mabatani awo, za nkhani andisiyire ine. Amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma ine ndinaona ngati akundichitira nsanje.

Nkhaniyo inakondedwa kuposa zonse zimene ndinalembapo. Foni sinkapuma, ndipo pafupifupi aliyense woimba ankaloza mayi wamasiye uja. Ine ndinkangoti nyambo yagwira. Tili pakati pa nkhaniyo, ku Lulimile kunasowa munthu weniweni. Dzina lake anali Bernardo, bambo wachinyamata woyendetsa njinga yamoto yonyamula anthu. Anachoka m'mawa osabwereranso, foni yake sinkapezeka, ndipo mkazi wake Ameliya anayenda kupolisi, kuchipatala ndi kwa abale osamva kanthu. Wina anakumbukira kuti tsiku lomaliza anamuona ataima pa mitengo ya paini akugula nyemba. Inu owerenga, mukudziwa mmene mantha amachitira pakati pa anthu. Munthu akasowa, mitima imafuna wina woti imuloze chala, ndipo ine ndinali nditawakonzera kale munthu wake, Lamlungu ndi Lamlungu, ndi mawu okoma.

Lamlungu lotsatira, titatsegula foni, anaimba bambo wina amene sanatchule dzina lake. Sanalosere za m'nkhani monga ankachitira ena. Iye anati, “Ife mayi ameneyo tamudziwa. Ndi Rozalina wa kuno ku Lulimile. Mthumbira ulikodi kuseri kwake, ndipo Bernardo ali momwemo.” A Selimani anandiyang'ana kudzera pa galasi, akupukusa mutu. Apa ndi pamene ndinalakwa kulakwa kwenikweni. Ndikanatha kunena mawu ochepa chabe, kuti bambo, iyi ndi nkhani yopeka, mayi wa m'nkhaniyi sanaphe munthu, ndipo amene mwawatchulawo ndi mayi abwino. Koma kutero kunali kuulula mapeto. Ndinaseka kaseko kanga ka pa wailesi kaja, n'kunena zomwe ndinkanena kwa aliyense woimba: “Kaya, bambo. Tiona kumapeto.”

Pulogalamu itatha a Selimani sanandisekerere. Anatseka chitseko, nalumbira nati, “Wallahi, mana, kuseka kwanu kuja kupha munthu. Lamlungu likubwerali werengani mapeto, zigawo zatsalazo zisiyeni.” Ndinakana. Ndinati nkhani ili ngati nyumba, sungafolere denga khoma lisanathe. Ndinapita kwathu nditakwiya, ndikudziuza kuti anthu a ku Lulimile si ana, amadziwa kusiyanitsa nthano ndi moyo.

Mkati mwa sabata mbiri zinayamba kundipeza kusukulu. Aphunzitsi anzanga, osadziwa kuti akulankhula ndi mwini nkhani, ankasimba kuti nyemba za mayi uja palibenso akugula, kuti ana akumugenda padenga, kuti wina wamulembera mawu oipa pakhoma ndi makala. Ena ankati mayi wa pa wailesiyo sakungopeka, ali nazo zimene akudziwa, ndipo apolisi ayenera kumufunafuna kuti afotokoze. Pamenepo kunyada kwanga kunasanduka mantha. Ndinayamba kuganiza za ntchito yanga, za ana anga, za abale a Bernardo atadzaza pakhomo panga. Poyamba ndinakhala chete pofuna kuteteza nkhani, tsopano ndinakhala chete pofuna kuteteza khungu langa. Ku Lulimile ndinasiya kupitako.

Koma kutchalitchi tinkapemphera kumodzi, ndipo kumeneko sindikanawathawa. Lamlungu limenelo amayi Rozalina anakhala pa benchi lawo la masiku onse, ndipo amayi anzawo amene ankakhala nawo anasamukira kwina mmodzimmodzi mpaka anatsala okha. Iwo anaimba nyimbo zonse mokweza ngati palibe chachitika. Itafika nthawi yopatsana moni wa mtendere anatambasula dzanja uku ndi uku, palibe analilandira. Ine ndinali kumbuyo kwawo pang'ono. Ndinawerama n'kuyamba kufunafuna m'chikwama chinthu chimene munalibe. Potuluka anandipeza pakhomo, nandigwira dzanja lomwelo limene ndinawabisira, nati, “Wasowatu, mwanangu. Usaope zimene akunenazi. Zili pansi pajazo Mulungu akuzidziwa.” Taganizani, iwo ndiwo ankanditonthoza ine. Masana ake ndinapita ku wailesi n'kuwerenga chigawo chotsatira monga momwe ndinachilembera, mayi wamasiye akusesabe mthumbira wake. A Selimani anangoti lero foni kulibe.

Loweruka m'mawa foni yanga inalira. Anali a Selimani, ndipo anangoti, “Akukumba. Bwerani.” Ndinakwera njinga yamoto. Inali nthawi ya chisanu, choncho ndinadzifunditsa kapulana, chitenje chathu chija, kumutu mpaka pamphuno, ndipo sindinama, si chisanu chokha chimene ndinkabisalira.

Ndinapeza bwalo la amayi Rozalina litadzaza anthu. Mabeseni a nyemba anali atagubuduzidwa, nyemba zili mbwee pafumbi, anthu akuzipondaponda. Mkulu wa bairo ankayesa kulankhula koma palibe ankamumvera. Ameliya anaima pambali mwana ali kumbuyo, maso atatupa ndi kulira. Amuna ena anali atagwira makasu, akugumula mthumbira uja, ndipo mnyamata wina wamtali anagwira botolo la petulo. Amayi Rozalina anali atakhala pansi pafupi ndi khoma, duku litagwa, mlomo ukutuluka magazi. Anthu ankafuula kuti wailesi yanena, wailesi siinganame. Ine ndinaima kumbuyo kwenikweni. Palibe ankandidziwa, ndipo ndinadziwa kuti ndikhala wotetezeka malinga ngati sinditsegula pakamwa.

Khasu linakoka thumba lakale lowola, ndipo m'kati mwake munatuluka jekete lija, lodyeka, lothimbirira ndi dothi. Anthu anakuwa. Chovala cha mwamuna, m'manda a kuseri, monga m'nkhani yanga. Ameliya analiyang'anitsitsa n'kunena kuti si la Bernardo, koma mawu ake anamira m'phokoso. Amene anamumva anati ndiye kuti mfitiyi inapha kale wina. Mnyamata uja anatsegula botolo n'kuyamba kuwaza petulo pa chitseko.

Amayi Rozalina anadzuka pang'onopang'ono. Anatsimphina mpaka pa dzenje paja, nalanda jeketelo pa khasu la bambo amene analifukula, ndipo iye anawasiyira. Analikutumula dothi, nalikumbatira pachifuwa, nagwada. Ine ndinayesa kuti apempha chifundo kwa anthuwo, koma sanawayang'ane n'komwe. Anayamba kupemphera. Anapempherera Bernardo kuti kulikonse kumene ali apezeke wamoyo. Anapempherera Ameliya ndi mwana wake. Anapempherera amuna a makasu aja, ena mwa iwo powatchula mayina, chifukwa anawaona akukula. Mawu awo sananjenjemere ngakhale pang'ono. Za amene anawaika pa wailesi sanatchule chilichonse. Atatha anayamba pemphero la Ambuye lija limene tonsefe tinaphunzira tili ana.

Pemphero limenelo ine ndinkalinena chiyambire ubwana monga ana anga a m'kalasi amanenera masamu oloweza, pakamwa pakuyenda mtima uli kwina. Tsiku limenelo mawu aliwonse ankandibaya. Ndinaona mayi wokalamba, yekha pakati pa khamu lokwiya, wopanda mantha, ndi ine wophunzira, wamphamvu zanga, ndikubisala mu kapulana. Sindinganene kuti ndinalimba mtima, chifukwa ndimadzidziwa ndekha kuti ndine wamantha. Ndinangoti chamumtima, Ambuye, ndithandizeni, ndipo ndinadzimva ndikupemphera nawo mokweza, ndi mawu aja amene amafika kumapeto kwa kalasi.

Amene anali pafupi nane anatembenuka. Mayi wina anati, “Awatu ndi mawu a pa wailesi aja.” Phokoso linayamba kutsika, anthu anapatuka, ndipo ndinadutsa pakati pawo n'kukagwada pambali pa amayi Rozalina mpaka tinafika pa ameni. Kenako ndinaimirira, ndinavula kapulana kumutu, ndipo ndinawauza zonse. Ndinawauza za a Fabiyao ndi tsiku lozizira lija, za jekete, za akulu a mpingo amene analikwirira. Ndinawauza kuti nkhani ya pa wailesi ndinaipeka ine kunyumba kwanga ku Sanjala, kuti za Bernardo sindikudziwa kanthu, kuti mayi wa m'nkhaniyo ndi nyambo chabe ndipo wakupha ndi mlamu wa wamalonda uja. Mapeto amene ndinawateteza ngati mwana ndinawataya pabwalo pamenepo m'mawu ochepa, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anagwira pakamwa.

Ena anandilavulira. Mayi wina anandiponyera dothi la pa mthumbira womwewo, ndipo sindinalewe. A Selimani anapita kwa mnyamata uja n'kumulanda botolo mwakachetechete. Amuna a makasu anayamba kuyang'ana pansi, chifukwa ambiri a iwo nawonso anali ndi wachibale amene nkhondo inamutenga osabweza mtembo. Ameliya anabwera pafupi nane, sanakweze mawu, anangoti, “Inu mumasewera, ife tikulira.” Anthu anabalalika pang'onopang'ono. Tinatsala ochepa tikutola nyemba pafumbi.

Nyumba sinapse, ndipo amayi Rozalina sanaphedwe. Pa zimenezo ndimathokoza Mulungu tsiku ndi tsiku. Koma madzi akatayika saoleka. Makasitomala awo sanabwererenso, ena chifukwa chokayikabe, ambiri chifukwa cha manyazi, poti n'kovuta kugula nyemba kwa munthu amene unamugenda. Ana ankawathawabe panjira. Dzenje lija analikwirira, koma ananena kuti sangagwadenso pamalo pomwe paponda anthu ndi makasu. Mwana wa mchimwene wawo anabwera kudzawatenga n'kupita nawo kumudzi ku Lione, ndipo kanyumba kamene anamanga ndi manja awo atabwera kuchokera ku Malawi kanatsala kotseka. Ine ndinapita ku wailesi komaliza, ndinapepesa pogwiritsa ntchito dzina langa lenileni, ndipo pulogalamu ndinaisiya. Bernardo anatulukira mvula itayamba. Anali atagulitsa njinga n'kupita kokumba golide kumpoto osauza mkazi wake, ndipo anabwera wowonda, wopanda kanthu.

Ndinazengereza kupita ku Lione, poopa maso awo. Nditapita ndinawapeza atakhala pakhonde la eni ake, akusankha nyemba za eni ake, ataonda ndipo akutsokomola. Ananditengera kumphepete kwa munda wa chimanga kukandionetsa mthumbira watsopano. Umenewu unali ndi mtanda wa timitengo, poti kumudzi palibe wowafunsa. Pamenepo ndinagwada n'kuyamba kufotokoza kuti sindinkafuna kuwapweteka, kuti sindinkadziwa kuti zifika pamenepo. Anandidula.

“Ndinadziwa kalekale kuti ndiwe,” anatero. “Wailesi ya aneba inkamveka mpaka kwanga. Mawu ako ndingawasowe ine? Ndinayamba kuwamva ukulira kumbuyo kwangaku.”

Ndinawafunsa chifukwa chimene sananditchulire tsiku lija, pamene dzina langa likanawapulumutsa. Anati petuloyo akanangomusamutsira ku Sanjala, ndipo kumeneko kuli ana. Anati anandikhululukira asanagwade n'komwe, chifukwa munthu sungapemphere pemphero lija uli ndi mangawa a mnzako m'manja. Ine ndinkangolira. Kenako anandifunsa funso limene sindinaliyembekezere. Tsiku lija pabwalo mutu wawo unali kwa a Fabiyao, zimene ndinkauza anthu sanazimve bwino, ndiye anafuna kudziwa kuti m'nkhani yanga ija, kumapeto, mayi wa nyembayo anapezeka bwanji. Ndinati anapezeka wosalakwa, amayi. Anagwedeza mutu, nayang'ana mtanda uja.

“Ukanayambira pamenepo, mwanangu.”

Anamwalira chisanu chotsatira, pakhomo pa eni, kutali ndi mitengo yawo ya paini. Anaikidwa kumanda a m'mudzimo, koma mthumbira wa a Fabiyao ukadali kumunda kuja, ndipo tchuti chikafika ndimakwera chapa kukasesa konse kuwiri. Ndimakhulupirira kuti Mulungu anandikhululukira monga iwo anandikhululukira. Komabe kukhululukidwa sikunawabwezere nyumba yawo, ndipo chisoni chimenecho ndidzapita nacho kumanda.

Inu owerenga, makamaka alembi anzanga, moyo wa munthu si katundu woti muzingotola mukasowa cholemba. Chinsinsi chimene wina wakuuzani akusankha nyemba wakuuzani inu, sanauze mzinda. Ngati mukufuna kumuika m'nkhani, pitani mukamupemphe, ndipo ngati mukuopa kumupempha, dziwani kuti yankho mwalidziwa kale. Inunso omvera ndi owerenga, mantha akakugwirani musathamangire khasu chifukwa cha zimene mwamva pa wailesi kapena pa foni. Mantha ndi amene anakumba mthumbira uja, ndipo mantha omwewo ndi amene ananditseka ine pakamwa. Chimene chinawagonjetsa sichinali nzeru zanga za kusukulu. Chinali chikhulupiriro cha mayi wotsimphina amene anagwada n'kupempherera omuzunza. Musadikire kuti chikhulupiriro cha wina chidzakutseguleni pakamwa petulo atawazidwa kale, monga zinandichitikira ine. Pemphani mphamvu msanga. Ngati mukudziwa kuti munthu ndi wosalakwa, nenani lero lomwe, pamene akadali m'nyumba mwake. Musadikire chigawo chomaliza.